Kuphunzitsa ana nyimbo ndi magule m'sukulu za pulayimale ku Lilongwe: Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa aphunzitsi, makolo ndi atsogoleri a makwaya a ana mumzinda wa Lilongwe ndi m'midzi yozungulira. Mayankho ake alembedwa poganizira kalasi ya sukulu ya boma monga tiidziwira, ya ana ochuluka, yopanda kiyibodi, ndipo mwina yopanda magetsi.

Kodi phunziro la nyimbo likadalipo m'sukulu za boma?

Likadalipo, koma silikuyima palokha monga kale. Kuyambira mu 2007, pamene ndondomeko ya maphunziro a pulayimale yotchedwa PCAR inayamba kugwira ntchito, nyimbo zinaphatikizidwa ndi magule, zisudzo, zojambula, zosokasoka ndi masewera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Mabuku ake amakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB mafunso ake amapezeka pa pepala la Arts and Life Skills.

Kuphatikizaku kuli ndi nzeru yake, pakuti kwathu kuno nyimbo, ng'oma, kavinidwe ndi zovala za gule zimayendera limodzi. Chovuta n'chakuti mayeso ndi olemba, choncho aphunzitsi ambiri amangolembetsa matanthauzo pabolodi, mwana n'kuloweza kuti noti yotchedwa minim imatenga kugunda kuwiri koma osatha kusonyeza zimenezo ndi manja ake. Pena nthawi ya phunziroli imasanduka yobwereza masamu kapena yosesa pabwalo.

Tiyambe ndi chiyani: manoti, kuimba kapena kuvina?

Yambani ndi khutu, mmero ndi mapazi, ndipo choko chibwere pambuyo. Mwana wa ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mitundu amafika mu Sitandade 1 ali nazo kale nyimbo zambiri. Anamva zomutonthoza ali kumbuyo, anavina paukwati, anavomera nyimbo ya m'nthano, ndipo amadumpha chingwe mogwirizana ndi nyimbo popanda womuwerengera. Ntchito ya mphunzitsi ndi kupatsa dzina ndi chizindikiro zimene mwanayo amachita kale, monga momwe mwana amayamba walankhula asanaonetsedwe a, e, i, o, u. Chizindikiro chimene chabwera mwana asanamve chimene chikuimira chimangokhala cholemetsa mutu.

Komabe amalakwitsa amene amati manoti ndi zachizungu ndipo mwana wachimalawi sakuwafuna. Wosadziwa kuwerenga nyimbo amadalira wina kuti amuimbire kaye, ndipo makwaya ambiri ataya nyimbo zabwino kwaya masitala atasamuka kapena atamwalira, chifukwa zonse zinali m'mutu mwa munthu mmodzi. Funso lili pa nthawi yoyenera kuwabweretsa.

Kodi kugunda kwa nyimbo n'kosiyana bwanji ndi kayendedwe kake, ndipo ana angamve bwanji kusiyanako?

Kugunda ndi chija chokhazikika chimene phazi limaponda mosasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kayendedwe ndi momwe mawu aatali, aafupi ndi malo opumira ayalidwira pamwamba pa kugundako. Kufotokoza ndi pakamwa sikuthandiza kwenikweni. Imiritsani ana, aziponda pamalo amodzi kumanzere ndi kumanja akuimba nyimbo imene onse akuidziwa. Akakhazikika, ayambe kuwomba m'manja pa phatikizo lililonse la mawu a nyimboyo mapazi akupitirira. Mapazi anyamula kugunda, manja anyamula kayendedwe. Poyamba ambiri amasokonezeka, choncho ndi bwino kugawa kalasi pawiri, ena aziponda ena aziwomba, kenako asinthane.

Pofuna kugawa kugunda kumodzi, gwiritsani ntchito mayina a zinthu zodziwika. Pa kuponda kumodzi ana anene "gu", pa kwina anene "nsomba", pa kwina "chinangwa", ndipo pa kwina "kachewere". Potero agawa kugunda kumodzi pawiri, patatu ndi panayi asanamve dzina la noti iliyonse. Kupuma kusonyezedwe potambasula manja osawomba, chifukwa ana amaganiza kuti pamene palibe liwu nyimbo yaima, pomwe kugunda kumapitirirabe.

Kulemba kuyambire pansi. Jambulani timabokosi tinayi padothi kapena pasimenti, kabokosi kalikonse kaimire kugunda kumodzi. Mwala umodzi m'kabokosi ndi kuwomba kamodzi, miyala iwiri ndi kuwomba kawiri mofulumira, ndipo kabokosi kopanda kanthu ndi kupuma. Mwana mmodzi ayale miyala momwe wafunira, anzake awerenge ndi manja. Apa mwana wapeka ndipo anzake awerenga zimene wapeka, komwe ndiko kulemba nyimbo kumene. Mayina akuti crotchet wa kugunda kumodzi, quaver wa theka, minim wa kuwiri ndi semibreve wa kunayi angabwere ana atazolowera miyala, ndipo salimba chifukwa akutchula chinthu chimene manja akuchidziwa kale.

Chizolowezi chovuta kwambiri ndi kuthamanga. Ana akasangalala liwiro limakwera. Kuwakalipira sikuchiza. Perekani ng'oma yaikulu kapena chigubu kwa mwana wodekha kuti azigunda mosasintha, ndipo ena aziyenda mozungulira m'malo moima.

Solfa n'chiyani, ndipo inachokera kuti?

Ndi njira yotchula masitepe a liwu ndi mayina akuti doh, ray, me, fah, soh, lah, te, amene polemba amafupikitsidwa kukhala d, r, m, f, s, l, t. Mizu yake ili ku Italy, kumene Guido wa ku Arezzo, mmonke wa m'zaka za m'ma 1000, ankaphunzitsa oimba ndi maphatikizo akuti ut, re, mi, fa, sol, la. Kalembedwe kamene makwaya athu amagwiritsa ntchito kanakhwima ku England, kumene Sarah Glover wa ku Norwich anakonza njira yophunzitsira ana, ndipo m'busa John Curwen anaikonzanso n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Kuno inabwera ndi amishoni. M'chigawo chapakati sukulu zambiri zoyambirira zinali za mipingo, monga za a Dutch Reformed Church amene anafika ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikitsa Nkhoma mu 1896, ndipo kuimba kunali mbali ya maphunziro. N'chifukwa chake lero solfa imadziwika bwino m'makwaya a m'matchalitchi kusiyana ndi m'kalasi.

Mphamvu ya solfa ili poti doh sakhala pamalo amodzi. Mukhoza kumukweza kapena kumutsitsa molingana ndi mawu a ana, koma mtunda wa pakati pa doh ndi soh umakhala womwewo, ndipo mtundawo ndi umene khutu limaphunzira. Ubwino wina ndi wakuti imalembedwa ndi zilembo wamba, moti nyimbo yonse ikhoza kulembedwa ndi choko kapena kutumizidwa pa WhatsApp.

Musayambe ndi masitepe onse asanu ndi awiri tsiku limodzi. Tengani awiri, soh ndi me, ana aitanizane nawo mayina awo, kenako onjezani lah, doh ndi ray. Fah ndi te abwere pomaliza, chifukwa kuchoka pa me kupita pa fah, ndi kuchoka pa te kupita pa doh wapamwamba, ndi theka la sitepe, ndipo ndi pamene ana amaterereka. Zizindikiro za manja za Curwen zimathandiza kwambiri m'kalasi yaikulu: doh ndi chibakera, me ndi dzanja logoneka choyang'ana pansi, soh ndi dzanja lotambasula choimika cham'mbali, te ndi chala choloza m'mwamba. Dzanja likamakwera ndi kutsika, mwana wokhala kumbuyo kwenikweni amaona tchuni ngakhale bolodi sakuliona.

Nanga madontho ndi timizere ta m'solfa timatanthauza chiyani?

Timasonyeza nthawi. Taonani kachidutswa aka:

| d : d . r | m : - |

Mzere woimirira umatseka chigawo, madontho awiri amalekanitsa kugunda kumodzi ndi kunzake, dontho limodzi limagawa kugunda pakati, ndipo kamzere kogona kakutanthauza kuti liwu lapitalo lipitirire. Choncho m'chigawo choyamba doh akutenga kugunda kumodzi, kugunda kwachiwiri akugawana doh ndi ray, ndipo m'chigawo chachiwiri me akukokedwa kugunda kuwiri. Mpatuliro (,) umathandiza kugawa kugunda panayi, pomwe malo osalembapo kanthu ndi opuma. Kachizindikiro kokhala pamwamba pa chilembo kamasonyeza liwu la m'makwerero apamwamba, ndipo kokhala m'munsi kamasonyeza la m'munsi. Pamwamba pa nyimbo pamalembedwa kiyi yake, mwachitsanzo Key F, kutanthauza kuti doh ali pa F. Mukakumana ndi fe, ndi fah wokwezedwa theka la sitepe, ndipo ta ndi te wotsitsidwa chimodzimodzi.

Kodi manoti a pa mizere isanu ndi ofunika kwa mwana wa pulayimale?

Ndi ofunika, koma sayenera kuthamangiridwa. Maganizo athu ndi akuti abwere m'makalasi akuluakulu, ana atayamba kuimba solfa mosajejema. Polembapo manotiwa pamatchedwa staff, imene ili ndi mizere isanu ndi mipata inayi, ndipo noti ikakhala pamwamba liwu nalo limakhala lokwera. Chizindikiro cha treble clef chimazungulira mzere wachiwiri kuchokera pansi, umene ndi G. Mizere kuchokera pansi ndi E, G, B, D, F, ndipo mipata ndi F, A, C, E. Manambala a poyambira, monga 4/4 kapena 3/4, amanena kuchuluka kwa kugunda m'chigawo chimodzi ndi mtundu wa noti yowerengera.

Dzanja la mwana ndi staff yokwanira, pakuti lili ndi zala zisanu ndi mipata inayi. Mukhozanso kulemba mizere isanu pabwalo ndi phulusa, ana azidumphira pa mzere kapena mpata umene mwatchula akuimba liwu lake. Pabolodi lembani solfa pansi pa noti iliyonse kufikira ana atasiya okha kuyang'ana zilembozo. Amene adzafune kuimba kiyibodi kapena lipenga la m'bandi, kapena kudzaimba ndi anthu a mayiko ena, adzafunika kalembedwe kameneka.

Kodi nyimbo zamakolo zingalembedwe m'manoti osazipotoza?

Zingalembedwe, koma pepala silinyamula zonse, ndipo mphunzitsi aziwauza ana zimenezi poyera. Choyamba ndi kayendedwe. M'magule athu ambiri kugunda kung'onokung'ono khumi ndi kuwiri kumazungulira mobwerezabwereza, ndipo ng'oma ina imakugawa patatupatatu pomwe manja kapena ng'oma ina ikukugawa pawiripawiri nthawi yomweyo. Wolemba amasankha 6/8 kapena 12/8, koma mzere wotseka chigawo umanamiza wowerenga kuti pali malo amodzi okha ogogomeza. Ana angalawe zimenezi mosavuta. Onse awerenge kuyambira 1 mpaka 6 mobwereza, gulu lina liziwomba pa 1 ndi 4, lina pa 1, 3 ndi 5. Ana a Sitandade 4 amazigwira msanga kuposa akuluakulu amene anaphunzira nyimbo papepala pokha.

Chachiwiri ndi kachunidwe. Bangwe, kaligo, sansi ndi valimba sizichunidwa nthawi zonse mofanana ndi kiyibodi, ndipo woimba wakumudzi amatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa linzake mwadala. Kumuwongola kuti agwirizane ndi kiyibodi n'kuwononga nyimbo yake. Chachitatu, wotsogolera nyimbo amasintha mawu malinga ndi amene ali pabwalo, ovomera amathirira mang'ombe mosiyanasiyana, ndipo nthungululu ilibe noti.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. M'Chichewa liwu limakwera ndi kutsika polankhula, ndipo phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limakokedwa. Nyimbo zamakolo zimalemekeza zimenezi, pomwe nyimbo zina zomasuliridwa zimagogomeza pamalo polakwika chifukwa tchuni inapekedwera chiyankhulo china. Ana akamapeka nyimbo yawo, ayambe alankhula mawuwo mokweza kangapo, ndipo tchuni ituluke m'kalankhulidweko.

Choncho lembani mafupa a nyimbo kuti isaiwalike, ndipo jambulani mawu ake pafoni eni ake atavomera. Nyimbo zambiri zakale za dziko lino zikumvekabe lero chifukwa Hugh Tracey anazijambula m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University m'dziko la South Africa.

Tisankhe nyimbo zotani?

Zazifupi, zobwerezabwereza, zokhala ndi wotsogolera ndi ovomera, ndiponso zosakwera kapena kutsika mopitirira. Nyimbo za m'nthano, zamasewera, zapamtondo ndi zotonthoza mwana n'zoyenera kwambiri. Njira yabwino yozipezera ndi kutuma ana kuti akafunse agogo kapena achikulire oyandikana nawo, aliyense abwere ndi imodzi pamodzi ndi mbiri yake. M'sukulu ya mumzinda zimabwera m'Chichewa, m'Chiyawo, m'Chitumbuka, m'Chisena ndi m'ziyankhulo zina, ndipo zonsezo zilandiridwe.

Nyimbo ya fuko, imene anapeka Michael Sauka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, ndi yothandiza kwa ana akuluakulu pophunzira kuwerenga, popeza tchuni yake ili kale m'makutu mwawo. Kuiona italembedwa kumawongolanso malo amene sukulu zambiri zinazolowera kuwaimba mopotoka pa asembule.

Ndi magule ati oyenera kusukulu? Nanga gule wamkulu?

M'dera la Lilongwe poyambira pachibadwa ndi chimtali, chitelera ndi mganda. Pophunzitsa kugunda, mganda ulibe unzake. Ovina amaima m'mizere, masitepe ake ndi owerengeka, ng'oma yaikulu imamveka bwino, ndipo wophonya amadziona yekha. Guleyu anatengera perete wa asilikali, makamaka pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 pamene amuna amene anatumikira ku King's African Rifles anabwerera kumudzi, ndipo ndi m'bale wake wa malipenga a kumpoto ndi beni wa kwa Ayawo. Mbiri imeneyi ana amaikonda, ndipo imalumikiza phunziroli ndi la mbiri ya dziko. Popeza mumzinda muli mitundu yonse, ndi bwino kuonjezera chioda, manganje, ingoma kapena tchopa pamene pali kholo kapena mphunzitsi woudziwadi gule ameneyo. Gule wongoonera pa TV amatuluka wosakanikirana.

Gule wamkulu ndi nkhani ina. Bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo ana ayenera kudziwa kufunika kwake, nthawi imene amavinidwa monga pamaliro, pachiliza ndi polonga mfumu, ndiponso mayina a ng'oma zake monga mbalule ndi mpanje. Koma guleyu ali ndi eni ake, amene analowa kudambwe, ndipo ali m'manja mwa mafumu. Kuveka ana zigoba kuti ayerekeze zilombo pabwalo la sukulu kumakhumudwitsa eni mwambo ndi makolo a mipingo nthawi imodzi, ndipo m'madera monga Malingunde, Msundwe ndi Kabudula kukhoza kudzetsa mlandu weniweni. Phunzitsani za iye, musamuvinitse. Chimodzimodzi vimbuza, amene ndi gule wamachiritso. Sukulu imene ingathe kukonza ulendo ingapite ku Kungoni Centre ku Mua m'boma la Dedza, malo amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, kumene miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayawo imafotokozedwa mwaulemu.

Mawu a nyimbo za gule aliyense muyambe mwawamvetsa musanawapereke kwa ana. Nyimbo zina za chinamwali ndi zapaukwati zili ndi matanthauzo obisika a akuluakulu, ndipo kavinidwe kena kodula chiuno sikayenera msinkhu wawo. Poitana achikulire odzaphunzitsa, dzerani kwa amfumu ndi ku komiti ya sukulu, ndipo musaiwale kuwathokoza ndi kangachepe.

Sukulu yathu ilibe zida zoimbira. Tichite chiyani?

Chida choyamba ndi thupi: manja, ntchafu, chifuwa, mapazi ndi malikhweru. Zina ana angapange okha, ndipo kupangako ndi mbali ya Expressive Arts. Chigubu chakale cha malita 20 chimakhala ng'oma ya besi. Chitini chothiramo timiyala kapena chimanga chimakhala maseche, ndipo zitsekerero za mabotolo zophwanyidwa n'kutungidwa pawaya zimalira bwino. Chisekese chimalukidwa ndi mapesi a udzu wokhwima n'kuikamo njere. Mabotolo agalasi othiramo madzi mosiyanasiyana amapereka makwerero a solfa, ndipo mwana amaona ndi maso kuti botolo la madzi ambiri likamenyedwa limalira motsika. Badza wa mganda amapangidwa ndi chikho chobowola, potseka bowo lina ndi kapepala kopyapyala ka pulasitiki kamene kamanjenjemera munthu akamaimbiramo.

Ng'oma yeniyeni ikapezeka, onetsani ana chifukwa chake amaiwamba pamoto kapena kuiyanika padzuwa, kuti chikopa chikungike liwu likwere, ndi chifukwa chake amamata phula pakati, kuti liwu litsike. Imeneyi ndi sayansi ya mawu yophunzitsidwa popanda buku. Zida zopanga pamanja siziyenera kunyozeka. A Madalitso Band a mumzinda uno aimba m'mayiko a ku Ulaya ndi babatoni, besi wa chingwe chimodzi wopanga okha. Chenjerani ndi milomo yakuthwa ya zitini, ndipo zida zoimbira pakamwa ana asamabwerekane.

Ndili ndi ana oposa 100. Kodi phunziroli silingangokhala phokoso?

Likhoza kutero ngati palibe chizindikiro choimitsira. Tsiku loyamba gwirizanani nacho, kaya kukweza dzanja kaya kamawombedwe kapadera kamene ana amayankha n'kukhala chete, ndipo muchiyeseze mpaka chizolowereke zida zisanatuluke. Kuimba kotsogolera ndi kuvomera kunapangidwira gulu lalikulu, choncho kuchuluka kwa ana sikukhala chopinga pa kuimba monga kumakhalira pa kulemba. Gawani ana m'magulu anayi, lina loponda, lina lowomba, lina loimba, lina la zida, ndipo azisinthana kuti anyamata amphamvu asalande ng'oma tsiku lililonse. Atsikana nawonso aziimba ng'oma.

Zovina zichitikire panja, kutali ndi makalasi ena, pamthunzi makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. M'nyengo ya mvula, malata akamalira moti mawu sakumveka, ndi nthawi yabwino ya zizindikiro za manja ndi yoyala miyala. Mphindi 30 zimakwana kutenthetsa mawu, kubwereza nyimbo yodziwika, kuphunzira chinthu chimodzi chatsopano ndi kuvina. Chatsopano chikhale chimodzi basi.

Ine sinditha kuimba. Ndingaphunzitse?

Mungaphunzitse. M'kalasi iliyonse muli ana oimba kwaya amene angatsogolere, ndipo pafupi ndi sukulu iliyonse pali kwaya masitala wodziwa solfa amene angakuthandizeni masana amodzi. Foni ingakupatseni liwu loyambira. Pemphaninso a PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale m'zoni yanu, kuti pa maphunziro a aphunzitsi a ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoniyo amakumana, pakhale nthawi ya nyimbo. Aphunzitsi aamuna akumbukire kuti mawu awo ali m'munsi mwa a ana, choncho ndi bwino mwana ndiye aziyambitsa nyimbo.

Nanga mwana amene amaphonya tchuni nthawi zonse?

Musamuuze kuti azingoyendetsa milomo. Akuluakulu ambiri amene amati satha kuimba anauzidwa zimenezi ali ana. Kawirikawiri mwana wotere sanapeze liwu lake loimbira ndipo akuimba ndi lolankhulira. Muyeserereni kulira kwa ambulansi kapena kwa mphepo, kukwera ndi kutsika, kenako inu mutengere liwu limene iye watulutsa n'kumutsogolera pang'onopang'ono kuchokera pamenepo. Mukhazikeni pakati pa oimba mokhazikika. Ngati samvanso bwino mukamalankhula, uzani makolo apite naye kuchipatala akamuone makutu.

Chowononga mawu a ana kwambiri ndi chizolowezi chathu cholamula kuti "Mokweza!" Ana amayankha pokuwa, mitsempha ya pakhosi itatuluka, tchuni n'kutayika, mawu n'kusasa. Pemphani mawu omveka, osati ofuula, ndipo ana aime mowongoka n'kupuma mozama mapewa osakwera. Ana aang'ono amaimba momasuka kuyambira pa C wapakati pa kiyibodi kufika cha pa D wa makwerero otsatira. Anyamata a Sitandade 7 ndi 8 amene mawu akusintha apitirize kuimba mofatsa pa mbali imene akuikwanitsa, ndipo anzawo asaloledwe kuwaseka.

Makolo ena akukaniza ana awo kuvina chifukwa cha chipembedzo. Titani?

Kambiranani nawo musanayambe, kudzera ku komiti ya sukulu kapena pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo afotokozereni gule amene mwasankha ndi mawu a nyimbo zake. Ambiri amaopa kuti ana alowetsedwa ku zamizimu, ndipo akamva kuti ndi mganda mtima umakhala pansi. Amene akanitsitsa asakakamizidwe, ndipo mwana wawo asalangidwe. Akhoza kuwerengera kugunda, kulemba solfa kapena kupanga zida. Mphunzitsi nayenso asasandutse phunziroli kukhala kwaya ya mpingo wake, pakuti m'kalasi muli Akhristu a mipingo yosiyanasiyana, Asilamu ndi otsata chipembedzo cha makolo.

Ana olumala angatenge nawo mbali bwanji?

Mwana wosaona amaphunzira ndi khutu mofanana ndi anzake, ndipo solfa akhoza kuilemba m'zilembo za Braille, popeza ndi zilembo wamba. Masitepe a gule muwafotokoze ndi mawu, ndipo mnzake amugwire dzanja. Mwana wosamva amamva kunjenjemera kwa ng'oma akaika dzanja pa ng'omayo, ndipo amatsata kugunda poona mapazi a anzake kapena dzanja la mphunzitsi. Woyenda pa njinga ya olumala akhale m'bwalo momwemo ndi maseche kapena ng'oma, osati pambali. Mwana wachialubino asavinitsidwe padzuwa, ndipo zolemba pabolodi zikhale zazikulu. Aphunzitsi amene anaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu, komanso a kusukulu ya osaona ya Malingunde, ali ndi luso limene aphunzitsi anzawo angapemphe.

Tingayese bwanji ngati ana aphunziradi?

Poona zimene akuchita. Kodi mwana akusunga kugunda nyimbo yonse? Kodi akubwereza molondola kamawombedwe kamene mwamuwombera? Kodi akuimba timawu tinayi ta solfa timene mwaloza pabolodi, kapena kulemba timene mwamuimbira? Yesani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi nthawi imodzi ena akuvomera nyimbo, ndipo pakutha pa teremu aliyense adzakhala atamvedwa. Kukoma kwa mawu kusapatsidwe malikisi. Mafunso olemba a mayeso a boma akonzekeredwe ndithu, koma mwana amene wawomba minim ndi manja ake savutika kuyankha kuti imatenga kugunda kungati.

Mwana wanga waonetsa luso. Angapitirize kuti?

Poyambira papafupi ndi kwaya ya ana kapena bandi ya malipenga ya kumpingo, ndiponso gulu la magule la m'dera lanu. Funsani ngati wotsogolera amaphunzitsa kuwerenga nyimbo kapena amangoloweza, ndipo dziwani nthawi imene pulakatisi imatha ndi amene akuyang'anira ana. Mumzinda uno bungwe la Music Crossroads ku Area 23 limaphunzitsa achinyamata zida ndi kuwerenga nyimbo, ndipo ku University of Malawi ku Zomba nyimbo zimaphunziridwa mpaka pa digiri. Amene wayamba kupeka nyimbo zake adziwitsidwe za bungwe la COSOMA, limene limateteza umwini wa ntchito za aluso. Ngati mukufuna kumugulira chida, kiyibodi yaing'ono yoyendera mabatire kapena gitala ya msinkhu wake ndi yokwanira, bola pakhale munthu womuonetsa kagwiridwe koyenera kuyambira pachiyambi, chifukwa zala zikazolowera molakwika zimatenga nthawi yaitali kuti ziwongoke.